Tayala loyenera pikapu yakale m'misewu ya ku Rumphi: mafunso ndi mayankho

Ku Rumphi pikapu yakale siidziwa kupuma. Hilux za m'zaka za m'ma 1990, Nissan Hardbody, Isuzu KB, Land Cruiser ndi Land Rover, zambiri zimene zinayambira ntchito ku maesiteti, ku mishoni kapena m'maofesi a boma, lero ndizo zimatuta mabelo a fodya ku Bolero ndi ku Hewe, khofi wa m'mapiri a Phoka, matumba a feteleza komanso anthu a matola. Injini zake amakaniko amazidziwa pamtima. Povuta ndi pa matayala ndi marimu, chifukwa msika wa kaunjika wadzaza ndi za galimoto zatsopano, zonenepa ndi zonyezimira, ndipo wogulitsa akafunsidwa yankho lake limakhala limodzi: "Lilowa, bwana." Kulowa kokha si nkhani. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene zimachitika tayalalo litalowa, galimoto itasenza katundu, ikutsetsereka pa Chiweta.

Kodi manambala olembedwa m'mbali mwa tayala amatanthauza chiyani?

Kalembedwe kake kalipo ka mitundu itatu, ndipo mwini pikapu yakale amakumana nako konse.

Kakale kwambiri ndi ka mainchi, monga 7.50-16. Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiri ndi kukula kwa rimu. Kamzere ka pakatipo kakusonyeza kuti ulusi wa m'kati mwa tayalalo ndi wopingasa, mmene ankapangira matayala onse kale. Pakakhala R m'malo mwa kamzere, monga 7.50R16, ndiye kuti ndi tayala la radial, mtundu umene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946 ndipo lero ndiwo wafala kulikonse.

Kachiwiri ndi ka mamilimita, monga 235/85R16. Apa 235 ndi kunenepa, pomwe 85 ikunena kutalika kwa khoma la tayala poyerekeza ndi kunenepako: magawo 85 pa 100 aliwonse. Khomalo likhala pafupifupi mamilimita 200. Makoma ndi awiri, la pamwamba ndi la pansi, ndiye 400. Rimu ya mainchi 16 ndi mamilimita 406. Kuphatikiza zonse, tayala la 235/85R16 limaima mamilimita 806 kuchokera pansi mpaka pamwamba. Masamu amenewa foni iliyonse imawatha, ndipo ndiwo amathetsa mkangano pakati pa wogula ndi wogulitsa. Matayala ngati 195R14C ndi 205R16C salemba nambala ya pakatiyo. Amene amawerengera amaikapo 80.

Kachitatu kanachokera ku America, monga 31x10.50R15. Aka kamayamba ndi kutalika kwa tayala lonse, mainchi 31, kenako kunenepa, kenako rimu.

Munthu amene anagula galimoto kwa mwini wachitatu kapena wachinayi angadziwe bwanji saizi imene inabwera nayo?

Asakhulupirire matayala amene anaipeza nawo, chifukwa mwini wakale ankaika chimene thumba lake linalola tsiku limenelo. Poyambira ndi pa kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko cha dalaivala kapena m'kabokosi ka kutsogolo, ngati dzuwa ndi penti sizinakafufute. Kena kothandiza ndi rimu ya sipeya imene imapachikidwa pansi pa bodi: kawirikawiri ndiyo yokhayo yotsala mwa zisanu zoyambirira, ndipo ikapalidwa dzimbiri manambala ake amaoneka.

Zonse zikakanika, pali saizi zodziwika. Pikapu za tani imodzi zokoka ndi matayala a kumbuyo okha zinkabwera kawirikawiri ndi 185R14C kapena 195R14C. Hilux zambiri za 4x4 za m'zaka za m'ma 1990 zinali ndi 205R16C. Land Cruiser ya pikapu ndi Land Rover yaitali zinkavala 7.50 pa rimu ya 16. Kanissan 1400, kamene kanapangidwa ku South Africa mpaka 2008, kankayenda pa timarimu ta mainchi 12.

Tayala la galimoto yaing'ono likakwana pa rimu ya pikapu, cholakwika n'chiyani?

Funso ili ndilo lofunika kuposa onse, chifukwa m'bodi mwa pikapu za ku Rumphi simukwera matumba okha. Mumakweranso amayi opita ku chipatala cha boma, ana a sukulu, ndi anthu a pamaliro.

Pambuyo pa saizi pamabwera nambala ina yokhala ndi lemba, ndipo ambiri saiyang'ana n'komwe. Tayala lenileni la pikapu limalembedwa chonchi: 195R14C 106/104R. Lemba C likusonyeza kuti ndi la galimoto zonyamula katundu. Nambala 106 ndi chizindikiro cha makilogalamu 950, katundu amene tayala limodzi lingasenze litapopedwa mokwanira. 104 ndi makilogalamu 900, pamene matayala aikidwa awiriawiri mbali imodzi ngati a lole. R ya kumapetoyo ikunena za liwiro, makilomita 170 pa ola, limene pikapu yakale silifika n'komwe.

Tsopano pafupi ndi tayala limeneli pamsika pagonekedwa lina, lochokera pa galimoto yaing'ono, lolembedwa 195/70R14 91. Kunenepa n'kofanana, rimu ndi yomweyo, mizere idakali yakuya, mtengo ndi wotsika. Koma 91 ndi makilogalamu 615 basi.

Matumba 20 a feteleza, lililonse la makilogalamu 50, ndi tani yathunthu, ndipo pafupifupi yonse imatsamira pa matayala a kumbuyo. Kuwonjezapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo, matayala awiriwo amasenza makilogalamu ngati 1,500. Awiri a 106 amatha kusenza 1,900, ndiye pali potsalira. Awiri a 91 malire awo ndi 1,230. Choipa chake n'chakuti tayala lolemedwa siliphulikira pamalo pokwezera katundu, pamene aliyense akanaona n'kuchenjera. Limanyamuka bwinobwino, khoma lake likupindika ndi kuwongoka paulendo wonse, kutentha kukuwunjikana m'kati, mpaka ulusi utalekana ndi labala. Limadzaphulika patapita ola, galimoto ili pa liwiro pa M1, makamaka m'mwezi wa Okutobala kumunsi kwa Chitimba kumene phula limatentha ngati moto.

Zolembedwa zina monga 6PR, 8PR kapena 10PR zimanenanso za kulimba komweko. Sizikuwerenga nsalu zenizeni zimene zili m'kati. Ndi muyeso wa mphamvu wotsalira kuchokera nthawi ya matayala akale. Pikapu ya tani imodzi imene imagwiradi ntchito imafuna 8PR. Matayala olembedwa LT nawonso ndi a katundu.

Nanga kuika tayala lalitali kuti galimoto isamagunde miyala si nzeru?

Chilakolako chake n'chomveka. Msewu wopita ku Thazima, chipata cha Nyika chimene chili makilomita oposa 50 kuchokera pa boma, komanso wa ku Kazuni ku Vwaza, nthawi ya dzinja imakumbika mikwasa iwiri n'kusiya msana pakati, ndipo difu ndiyo imayamba kukhula. Masipuling'i ataonjezedwa bwanji, difu siikwera. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha.

Koma phindu lake liyezedwe. Hilux ikachoka pa 205R16C, amene amaima mamilimita 734, n'kupita pa 235/85R16 a mamilimita 806, kusiyana kwake ndi 72, ndipo difu imakwera theka lake lokha, mamilimita 36. Ndi zala ziwiri zopingasa. Mtengo wa zala ziwirizo ndi uwu: tayala lakula ndi magawo 10 pa 100, ndiye giya iliyonse yalemera ndi magawo 10 omwewo. Injini za dizilo za 2.4 ndi 2.8 zopanda turbo zimene zili mu Hilux zakale zinalibe mphamvu yotaya ngakhale zili zatsopano. Injini yotereyi imatayanso pafupifupi gawo limodzi pa 100 la mphamvu yake pa mamita 100 aliwonse amene yakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, ndi mamita oposa 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho gawo limodzi mwa magawo asanu limakhala litapita kale. Chitunda chimene chinkakwereka pa giya yachitatu chimafuna yachiwiri, ndipo kunyamuka pa mtunda ndi katundu kumadya kilatchi.

Kutsika ndiko koopsa kwambiri. Tayala lalitali limapatsa mabuleki ntchito yochuluka, komanso limachepetsa mphamvu ya injini yogwira galimoto pa giya yotsika. Pikapu zakale zili ndi mabuleki a dilamu kumbuyo, ndipo Land Rover za Series zili nawo mawilo onse anayi. Dilamu ikatentha imasiya kugwira. Msewu wa Gorodi, wotsika kuchokera ku Livingstonia kupita ku Chitimba, uli ndi makhota akuthwa pafupifupi 20 m'makilomita ngati 15, ndipo Chiweta amaudziwa aliyense amene anaonapo malole atagona m'mbali mwake. M'malo amenewa dalaivala amafuna buleki yake yonse.

Sipidomita nayo imayamba kunama. Ikaloza 80, galimoto ikuthamanga 88, ndipo wapolisi wa kamera samva zoti matayala ndi atsopano. Makilomita owerengedwa amachepa, nthawi yosintha oyilo n'kumapitirira mwini osadziwa.

Ogulitsa matayala odziwa ntchito amalangiza kusapitirira magawo atatu pa 100. Kuchoka pa 185R14C kupita pa 195R14C, mamilimita 652 kufika 668, kuli m'kati mwa malire amenewa. Kuchoka pa 205R16C kupita pa 225/75R16, amene amaima 744, n'chimodzimodzi. Kwa Land Cruiser ndi Land Rover nkhani ndi yabwino: 7.50R16 ndi 235/85R16 ndi ofanana msinkhu, ndiye kusintha sikusokoneza chilichonse bola rimu ilole.

Pamatope, lonenepa ndi loonda labwino ndi liti?

Zimatengera chimene chili pansi pa matopewo. Misewu yambiri ya ku Mphompha, ku Phoka ndi ya pa Nyika ndi ya katondo woterera pamwamba koma wolimba pansi. Tayala loonda limaboola chithaphwicho n'kukaluma polimba, pomwe lonenepa limayandama pamwamba n'kumaseserekera ku ngalande. Si mwangozi kuti galimoto za m'tchire zinkatuluka ku fakitale ndi 7.50-16, lalitali ndi loonda. Loonda limakwananso m'mikwasa imene galimoto zina zakumba, chiwongolero chimapepuka, zimene amaziyamikira msanga amene pikapu yake ilibe pawa sitiyaring'i, ndipo mafuta sapita ambiri.

Kumene lonenepa limapambana ndi pamchenga, monga m'mbali mwa nyanja ku Mlowe ndi ku Chitimba. Komabe kumeneko kuchepetsa mpweya m'tayala loonda kumathandiza pafupifupi mofanana, bola lipopedwenso galimoto isanabwerere pa phula.

Za mizere, tayala la mano akuluakulu lolembedwa M/T limakoka bwino m'matope, koma pa phula limalira, limatha msanga, ndipo mvula ikagwa siligwira msewu mokwanira. Pikapu imene imapita ku okushoni ku Mzuzu sabata iliyonse m'nyengo ya fodya, ulendo wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa boma, imapindula ndi A/T, la pakati ndi pakati.

Rimu ya mabowo sikisi si ilowa pa galimoto iliyonse ya mabawuti sikisi?

Ayi. Pali zinthu zitatu zoyenera kugwirizana, ndipo kuwerenga mabowo n'chiyambi chabe.

Choyamba ndi kukula kwa mkombero umene mabowowo apanga, chimene amalonda amachitcha PCD. Hilux za 4x4, Nissan Hardbody, Isuzu KB, Mazda B ndi Land Cruiser zakale zonse ndi 6x139.7, kutanthauza mabowo sikisi pa mkombero wa mamilimita 139.7. Koma Nissan Navara imene inatuluka mu 2005 ilinso ndi mabowo sikisi pa 114.3, ndipo rimu yake siilowa pa Hardbody ngakhale dzina la kampani ndi limodzi. Pa za mabowo asanu chisokonezo n'chachikulu: Hilux yakale yokoka kumbuyo kokha ndi 5x114.3, Land Cruiser za 78 ndi 79 kuyambira 1999 ndi 5x150, Land Rover ndi 5x165.1. Kuyeza n'kosavuta pa mabowo anayi kapena sikisi: rula ichoke pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa loyang'anizana nalo. Pa asanu palibe loyang'anizana, ndiye amayeza mabowo awiri oyandikana n'kuchulukitsa ndi 1.7.

Msampha woipa ndi wa saizi zoyandikana, monga 5x112 ya Mercedes-Benz ndi 5x114.3. Rimu imalowa, manati amamangika, koma bawuti lililonse lakokedwa chammbali. Limadzathyoka limodzi, kenako linzake. Kukulitsa mabowo ndi tupa, kumene ena amachita kuseri kwa magalaja, n'kupempha kuti wilo lidzatsogole galimoto.

Chachiwiri ndi bowo lalikulu la pakati. Pa Hilux ya 4x4 ndi mamilimita 106, pa Hardbody 100, pa Mazda ndi Ford Ranger 93. N'chifukwa chake rimu ya Hilux imalowa pa Nissan, koma ya Nissan imakakamira pa habu ya Hilux isanafike. Rimu imene sinakhale thwa pa habu isakakamizidwe ndi manati.

Chachitatu ndi manatiwo. Hilux imagwiritsa ntchito ulusi wa M12x1.5, Hardbody M12x1.25. Nati ya wina imalowa kawiri katatu pa bawuti la mnzake kenako imalimba, ndipo mnyamata wa sipanala yaitali akaikakamiza ulusi watha. Pansi pa nati palinso kusiyana: marimu achitsulo amafuna nati yosongoka, pomwe marimu a aluminiyamu a Toyota amafuna yafulati yokhala ndi washa. Nati ya M12x1.5 izungulire kasanu ndi katatu isanalimbe. Ikachepera pamenepo ndiye kuti rimu yanenepa kuposa kutalika kwa bawuti. Manati amangidwe modumphadumpha, opanda girizi, ndipo ayang'anidwenso galimoto itayenda makilomita 50 mpaka 100.

Chimachititsa n'chiyani kuti mawilo ena atulukire kunja kwa madigadi?

Kuseri kwa rimu kumadindidwa manambala monga 16x6J ET30. 16 ndi kukula, 6 ndi kutambasuka kwake m'mainchi, ndipo ET ikunena pamene pali nkhope yogunda pa habu poyerekeza ndi pakati penipeni pa rimu. Nambala ya ET ikakula wilo limalowa m'kati. Ikachepa kapena kutsika pansi pa ziro limatulukira kunja.

Lolowa m'kati kwambiri limakhula sipuling'i, chasisi, ngakhale paipi ya buleki. Lotulukira kunja limasangalatsa maso a achinyamata, koma katundu amakhala atachoka pamwamba pa maberingi. Munthu wonyamula ndowa ya madzi atatambasula mkono amatopa msanga kuposa woigwirira pafupi ndi thupi, ndipo maberingi ndi mabolojointi amatopa momwemo. Chiwongolero chimayamba kumenya m'manja pa mwala uliwonse, matope amawazikira pa zitseko, ndipo katundu akatsitsa bodi tayala limadulidwa ndi mlomo wa madigadi. Zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu zimabweretsa mavuto omwewo, n'kuwonjezapo kufupikitsa bawuti. Rimu yatsopano isasiyane ndi yoyambirira kuposa mamilimita ochepa.

Kuyesa kwake kusachitike galimoto itaima pabwalo yopanda kanthu. Ikwezedwe katundu, chiwongolero chikhotetsedwe mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri, kenako iwoloke kangalande mopingasa kuti wilo limodzi likwere m'mwamba. Pamene pakukhula pamaoneka poyera, dothi litapalika.

Rimu yachitsulo ndi ya aluminiyamu, yoyenera kuno ndi iti?

Yachitsulo. Ikagunda mwala imapindika, ndipo hamala imaibweza mpaka galimoto ikafika kunyumba. Ya aluminiyamu imasweka, ndipo kuwotcherera kwake n'kosadalirika. Marimu ochokera pa galimoto zonyamula anthu okha, ngakhale mabowo atagwirizana, sanapangidwe kuti asenze tani.

Kutambasuka kwa rimu kugwirizanenso ndi tayala. 7.50R16 imakhala bwino pa rimu ya mainchi 5.5 kapena 6. 235/85R16 imafuna kuyambira 6, pomwe 265/75R16 ndi 31x10.50R15 zimafuna kuyambira 7. Tayala lonenepa lofinyidwa pa rimu yoonda limatupa pakati, limathera pakati pomwepo, ndipo pokhota galimoto imagwedezeka.

Nanga marimu akale a ringi, otsegula ndi zitsulo, asiyidwe?

Land Cruiser zambiri ndi Hilux zina za 4x4 zinabwera ndi marimu amenewa, ndipo ali ndi ubwino umene a m'tauni sauona. Kuchokera pa boma kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ndipo mbali yaikulu ya ulendowo kulibe omata matayala. Munthu wokhala ndi zitsulo ziwiri, zigamba ndi pampu amatsegula rimu ya ringi pambali pa msewu, n'kumata chubu, n'kupitiriza.

Koma ringi imeneyi yapha ndi kulumaza anthu m'maiko ambiri. Ikakhala sinalowe bwino m'mpata wake chifukwa cha dzimbiri kapena kupindika, imafwamphuka ndi mphamvu yonse ya mpweya tayala likupopedwa. Wodziwa ntchito amaonekera pa kachitidwe kake. Amayamba wachotsa kavalavu kuti mpweya wonse utuluke. Amapala mpata wa ringi ndi burashi yawaya mpaka chitsulo chiwale, amawaza ufa pa chubu, amaika lamba woteteza chubu ku rimu. Popopa amakulunga tcheni kuzungulira tayala ndi rimu, kapena amaligoneka ringi itayang'ana pansi, amapopa pang'ono, n'kusiya kuti aone ngati ringi yakhala mozungulira monse, iye ataima pambali. Wopopa ataweramira pamwamba pa ringi asapatsidwenso ntchito imeneyi, ndipo ringi ya rimu ina isasakanizidwe ndi ya inzake.

Rimu ya ringi imafuna chubu nthawi zonse, ngakhale tayala litalembedwa kuti ndi tubeless. Poika chubu m'tayala lotero, timapepala tomatidwa m'kati mwake tichotsedwe, chifukwa timakhula chubu mpaka kuboola.

Tayala la kaunjika lingagulidwe?

Ambiri alibe kuchitira mwina, choncho chofunika n'kudziwa poyang'ana. M'mbali mwa tayala muli mzere woyamba ndi malemba DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi m'kabokosi kozungulira. Kunyowetsa chala n'kupukuta pamenepo kumawaonetsa. 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Manambala akakhala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000. Opanga matayala amalangiza kuti lopitirira zaka zisanu liziyang'anidwa chaka chilichonse, ndipo lofika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikuoneka yabwino, chifukwa labala amauma.

M'kati mwa mizere muli timapiri ta mamilimita 1.6; labala akafanana nato, tayala latha, ndipo oyeza galimoto pofuna COF amayang'ana pomwepo. Wogula alowetse dzanja m'kati n'kupapasa monse. Chigamba cha pakhoma, chotupa, ming'alu ya m'mbali, kapena waya wothyoka pamlomo wogwira rimu, chilichonse mwa izi n'chokwanira kulisiya.

Pali mtundu wina umene umapusitsa ambiri. Galimoto zochokera ku Japan zolowera pa Songwe zimabwera zina zili ndi matayala a m'chipale chofewa, olembedwa studless kapena okhala ndi chithunzi cha phiri ndi kachipale, odzaza ndi timizere ting'onoting'ono tokhotakhota. Amaoneka atsopano, koma labala wake ndi wofewa, wopangira kuzizira. Pa phula lotentha amatha msanga, ndipo ambiri ndi a galimoto zazing'ono.

Matayala osiyana angasakanizidwe?

Pa ekiselo imodzi ayi: awiriwo akhale a saizi imodzi ndi mtundu umodzi, ndipo la radial lisayandikane ndi la ulusi wopingasa. Pa 4x4 onse anayi afanane msinkhu, apo ayi kutsogolo ndi kumbuyo kumakokana, magiya ndiwo amalipira. Sipeya nayo ndi ya m'banja lomwelo. Ambiri amakulitsa anayi n'kuiwala lachisanu, ndipo amadzazindikira ali pakati pa Nyika kuti latsopano silikwana pansi pa bodi, kapena kuti jeke sakukweza mokwanira.

Mpweya uzikhala wochuluka bwanji?

Katundu wolembedwa pa tayala amadalira mpweya. 195R14C ya 8PR imasenza makilogalamu 950 pokhapokha itapopedwa kufika 4.5 bar, amene ndi 65 psi. Itapopedwa ngati ya galimoto yaing'ono, mphamvu yake imatsika kwambiri. Choncho matayala a kumbuyo aonjezedwe mpweya tsiku lonyamula mabelo, n'kuchepetsedwa galimoto ikamayenda yopanda kanthu, kuti isamadumphe pa msewu wa mabampu. Kuyeza kuchitike m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji, chifukwa kumenya ndi chitsulo kapena kuponda ndi phazi sikusiyanitsa 2.5 ndi 3.5. Tayala likatentha paulendo mpweya umakwera wokha, ndipo usatulutsidwe.

Ndiye mwini pikapu yakale ku Rumphi agule chiyani?

Amene ali ndi pikapu ya rimu 14 agule 195R14C ya 8PR, yokhala ndi 106 pakhoma. Wa Hilux ya 4x4 akhale pa 205R16C kapena 225/75R16 ya katundu, pokhapokha ngati msewu wa kwawo umagundadi difu tsiku ndi tsiku ndipo wavomera kuchepetsa katundu ndi liwiro. Wa Land Cruiser kapena Land Rover ali kale pa saizi yabwino, 7.50R16 kapena 235/85R16. Onsewa akhale pa marimu achitsulo a mtundu wa galimoto yawo, ndi manati ake enieni.

Ndalama zikakwana matayala awiri okha atsopano, awiriwo apite kumbuyo, kumene kuli katundu ndi anthu. Ndipo popita kukagula, kaya pa boma kaya ku Mzuzu, mwini atenge rimu yake yakale, nati imodzi ndi rula, ayeze yekha asanatulutse ndalama.